Hadiweya ija ya ku Limbe ndi miyala yawo ya giranda

Anzanga owotcherera, ngati mukusaka ma disiki kapena mwala wa giranda ya pa benchi, kashopu kena ka hadiweya kamene kali kufupi ndi depoti ya maminibasi ku Limbe nkabwino ndithu, ngakhale mitengo yawo ikuwawako poyerekeza ndi ya anyamata a mumsewu.

Chomwe chandisangalatsa ndi mdala wa pa kauntala uja, sangokupatsa mwala asanauyese ayi, amalowetsa chala pabowo n'kuugogoda pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, ukalira ngweee ngati belu ndiye kuti uli bwino, ukangoti phu phu ndiye kuti muli mng'alu mkati ndipo amauika pambali pomwepo. Ma disiki odulira amakuonetsa deti yodindidwa pa kachitsulo ka pakati, paja guluu wake amatha mphamvu pakadutsa zaka zitatu, kenako amakufunsa kuti makina akowo amathamanga bwanji. Disiki ya 230mm malire ake ndi cha m'ma 6,600 RPM (kutanthauza maulendo amene imazungulira pa miniti), ndiye wina amachotsa gadi, chotchinga disiki chija, n'kuiphatika pa kagiranda kakang'ono ka 11,000 RPM, aaa imeneyo imaphulika basi, zidutswa kumaso.

Chokhumudwitsa n'choti timapepala toika pakati pa mwala ndi ma flanji (zitsulo zopanira mwala mbali zonse ziwiri) analibe, komanso magalasi awo otchinga maso akukandika msanga, amenewo kaguleni kwina. Koma mdala uja anandiuza kuti nati yomangira mwala ndisaimange mopitirira, ndipo ndikayatsa ndiime pambali kwa miniti imodzi ndisanayambe kunola. Mwala umene ndinagulawo ukuzungulira bwinobwino osanjenjemera.