Masitazi ya sayansi ya miyala: ku Joni kapena ku Mangalande?

Ife a ku Kasungu miyala yamtengo yatizinga. Kumpotoku kuli niobium ku Kanyika, m'boma la Mzimba. Kumweraku, ku Kasiya, kuli rutile ndi graphite. Ndiye inu amene munatenga digiri ya za miyala ku UNIMA kapena ku MUST, mukafuna kupitiriza mulowere kuti?

Ku Mangalande n'kwachangu. Masitazi yophunzira m'kalasi imatha chaka chimodzi, ndipo Camborne School of Mines, ya yunivesite ya Exeter, ndi yotchuka pa za migodi. Akatswiri ake anafufuzapo ngakhale miyala ya phiri la Songwe ku Phalombe. Polandira ophunzira, amayang'ana mmene munakhozera digiri yoyamba, makalata a aphunzitsi anu, ndipo angakufunseni mayeso a Chingerezi a IELTS, olo munayamba Chingerezi muli sitandade wani. Vuto ndi fizi. Ndalama ya fodya wa bambo siingakwane, muiwale. Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imalipira, koma imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kumudzi kwa zaka ziwirinso.

Ku Joni njira ndi yokhotakhota. Kumeneko digiri yoyamba ya sayansi ndi ya zaka zitatu, kenako Honours chaka chimodzi, masitazi pambuyo. Digiri yathu ya zaka zinayi imayamba yapimidwa ndi bungwe la SAQA, loona za mulingo wa maphunziro kumeneko, ndipo akaiona kuti yaperewera, dipatimenti ikhoza kukuuzani kuti muyambe Honours. Ambiri amakhumudwa pamenepa, koma chaka chimenecho si chotaya: mumazolowera labu ndi maikulosikopu, mumadziwana ndi aphunzitsi. Ndipo kudziwanako ndiye nkhani yonse, chifukwa masitazi yakafukufuku ku yunivesite ya Wits, ya Cape Town kapena ya Rhodes simuilowa popanda mphunzitsi wovomera kukuyang'anirani. Mulembereni musanadzaze fomu, mumuuze miyala imene mukufuna kufufuza ndi komwe ili. Fizi nayo ndi yopepukirapo kwa ife a m'maiko a SADC.

Beit Trust, yopereka masikolashipu, imathandiza Amalawi mbali zonse ziwiri, choncho musaidumphe.

Ine ndikanasankha ku Joni. Kumatenga zaka pafupifupi ziwiri, inde, koma mukhoza kupempha kuti kafukufuku wanu akhale pa miyala ya kwathu konkuno, n'kumabwera kudzatola masampulo pa basi. Ku Mangalande pitani ngati sikolashipu yatuluka, osati pa ngongole.