Kutsekereza Phokoso: Njira ya Bragg Kapena Timipira Tonjenjemera?

Phononic crystal ndi chinthu chosanjidwa mobwerezabwereza kuti mafunde a mawu a mlingo winawake wa kanjenjemeredwe alephere kudutsa. Mlingo wotsekedwawo amautcha band gap, ndipo njira zoupangira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi ya Bragg. Mumandandalika mapaipi motalikirana mofanana, mafunde akawagunda amabwerera n'kumafafanizana okhaokha. Mu 1995 akatswiri anayeza chosema cha mapaipi achitsulo cha mmisiri Eusebio Sempere ku Madrid, napeza kuti chimachepetsa phokoso la pafupifupi 1670 Hz (Hz ndi chiwerengero cha mafunde pa sekondi imodzi). Povuta ndi kukula kwake, chifukwa mtunda wa pakati pa mapaipi uyenera kukhala pafupifupi theka la kutalika kwa funde. Funde la 100 Hz mumpweya limatalika mamita 3.4, ndiye tangoganizani chotchinga chake!

Yachiwiri ndi imene imandisangalatsa. Mu 2000 gulu la wasayansi Ping Sheng ku Hong Kong linakuta timipira ta mtovu ndi mphira wofewa. Kampira kalikonse kamanjenjemera pakokha motsutsana ndi funde lobwera, motero chinthu chaching'ono chimagwira phokoso la besi limene njira ya Bragg ikanafunira khoma lalikulu. Koma mlingo umene chimatseka ndi wopapatiza.

Pa kulindima kwa injini, pamalo ochepa, ndingasankhe timipira. Pofuna kutseka mlingo wotakata, Bragg akadali patsogolo.