Ace in the Hole kapena Sweet Smell of Success: muyambe kuonera iti?

Mukakhala ndi madzulo amodzi okha, yambani ndi Ace in the Hole, filimu ya Billy Wilder ya mu 1951. Kirk Douglas akusewera ngati Chuck Tatum, mtolankhani yemwe manyuzipepala akuluakulu anamuchotsa ntchito mpaka anakagwera pa kanyuzipepala ka ku Albuquerque. Tsiku lina bambo wina wa m'deralo, Leo Minosa, wapanikizika ndi miyala m'phanga ku New Mexico. Akanatha kumutulutsa msanga pochirikiza makoma a phangalo ndi matabwa, koma Tatum akupangana ndi mkulu wa apolisi wa deralo kuti aboole phiri kuchokera pamwamba, n'cholinga choti nkhani itenge masiku, nyuzipepala ziziyenda malonda.

Chimene chimandinyansa kwambiri si Tatum ayi, koma khamu. Anthu akubwera pa magalimoto ndi pa sitima, pachipata akulipiritsa, kunja kwafika zisudzo ndi makatungwe, mkazi wa Leo akuwerenga ndalama za chakudya. Mwini wake ali pansi, akumva kugunda kwa makina usana ndi usiku mpaka chibayo chikumutenga. Anthu a ku America sanaikonde filimuyi, moti kampani ya mafilimu ya Paramount inaisintha dzina kukhala The Big Carnival, komabe sizinathandize. Ndani angakonde kulipira kuti akamunyoze?

Sweet Smell of Success ya mu 1957, ya Alexander Mackendrick, ndi ina. Muno mulibe phanga, muli New York wa usiku, magetsi ndi utsi wa fodya. Burt Lancaster ndi J.J. Hunsecker, wolemba miseche ya anthu otchuka, yemwe khalidwe lake analitengera kwa Walter Winchell, wolemba miseche weniweni wa nthawi imeneyo. Sakuwa ngati Tatum. Amangokhala patebulo, magalasi ali kumaso, andale n'kumanjenjemera. Tony Curtis ndi Sidney Falco, kapolo wake wofunafuna kuti makasitomala ake atchulidwe m'nyuzipepala. Falco amatuluka kunja kukuzizira opanda jasi pongoopa kupatsa kangachepe wosunga majasi pakhomo. Pamenepo mwamudziwa kale munthuyo. Ntchito yomwe wapatsidwa ndi kuthetsa chibwenzi cha mlongo wa Hunsecker ndi mnyamata woimba gitala, ndipo akusemera chinyau mnyamatayo kuti amasuta chamba komanso ndi wachikomyunizimu.

Pa kujambula, iyi ndiyo yapambana. Kamera ya James Wong Howe ndi nyimbo za Elmer Bernstein zimakulowetsa m'misewu ya Manhattan. Koma katangale wake ndi wa anthu ochepa a pamwamba, ndipo woonera amatsala woyera. Ya Wilder imaloza chala ndi wogula nyuzipepala yemwe, n'chifukwa chake ndimaiika patsogolo.

Chenjezo limodzi: Chingerezi cha Hunsecker ndi Falco n'chothamanga, chodzaza zining'a za m'tauni. Musaionere popanda mawu olembedwa pansi.