Makina ochapira akale akagwira n'kusiya kuzungulira: kuthira oyilo kapena kusintha beringi?

Musanasankhe, zulani pulagi, muchotse lamba n'kupukusa mota ndi dzanja. Makina akale a Maytag, opangidwa ku Newton, Iowa, m'dziko la America, ali ndi malamba awiri kunsi, wina wa giyabokosi, wina wa pampu. Yesani kupukusa pule iliyonse (kagudumu kozunguliridwa ndi lamba) payokha. Nthawi zina ndi sokosi chabe yomwe yatsekera mu pampu.

Ngati chagwira ndi ng'oma yochapiramo, njira zilipo ziwiri.

Oyilo womasula dzimbiri ndi wotchipa. Mumathira pa shafuti, kusiya usiku wonse, m'mawa n'kumagwedeza uku ndi uku pang'onopang'ono. Amathandiza makina omwe angouma chifukwa chokhalitsa osagwira ntchito.

Koma mukaona madzi ofiirira atadontha kunsi, kapena mukukumbukira kuti ankalira kokokoko pokamula zovala, sili (mphira wotchinga madzi) inatha ndipo madzi analowa mu beringi. Apa oyilo angokunamizani, makina azungulira masiku ochepa kenako lamba ayamba kununkha mphira wopsa. Kusintha beringi ndi ntchito yotopetsa, muyenera kuchotsa ng'oma yonse, ndipo nati yake imakhala itamatirira ndi sopo wouma. Ine ndingasankhe yomweyi, ndi sili yatsopano pamodzi.