Moodle ndiyabwino, koma mabatani ofunikawo ambiri sawakhudza

Ambiri amene anadutsa ku koleji kapena ku yunivesite zaka zapitazi amaidziwa Moodle, pulogalamu yophunzirira pa intaneti, ngati malo otengako manotsi ndi kuponyako asainimenti nthawi isanathe, basi. Ine ndaigwiritsa ntchito ndili wophunzira komanso pothandizira malekichala, ndiye ndemanga yangayi ikhala pa mbali imene anthu sakamba kawirikawiri: mmene anaipangira zimakhudza mtundu wa munthu amene amatuluka m'kalasimo, kaya nzika yodziwa kumvetsera ndi kuweruza mwachilungamo kapena munthu wongolandira zimene wauzidwa.

Amene anaiyambitsa ndi Martin Dougiamas wa ku Australia ndipo inatuluka koyamba mu 2002. Mkuluyu anakulira kuchipululu, kutali ndi sukulu, moti maphunziro ake oyamba ankachitira pa wailesi kudzera ku School of the Air. Mwina ndi chifukwa chake anaimanga ndi maganizo oti munthu amaphunzira bwino akamapanga zinthu limodzi ndi anzake. Ndi yaulere, khodi yake ili poyera aliyense atha kuiona ndi kuisintha, ndipo sukulu itha kuisunga pa seva yake yomwe. Ichi chokha ine chimandisangalatsa kale.

Koma chimene ndimachikonda kwambiri ndi mbali yake yotchedwa Workshop. Mmenemu aliyense amapereka ntchito yake kenako pulogalamu imagawa ntchitozo kuti ophunzira achongerane potsata mfundo zomwe lekichala waika, ndipo pamapeto umalandira malikisi awiri, ena a ntchito yako ena a mmene wachongera anzako, ngati lekichala sanasinthe, a ntchito yako amalekeza pa 80, a kachongedwe pa 20. Ndiye taganizani, wapatsidwa nkhani ya munthu amene maganizo ake sukugwirizana nawo ngakhale pang'ono, walemba zoikira kumbuyo chilango cha imfa iwe umadana nacho, koma mfundo zake wazisanja bwino, umboni ulipo, ndiye ukamupatsa malikisi otsika chifukwa cha mkwiyo pulogalamu imayerekeza kachongedwe kako ndi ka ena amene awerenga ntchito yomweyo, ukapatuka kwambiri malikisi ako omwe amatsika. Apa munthu umakakamizika kusiyanitsa "sindikugwirizana naye" ndi "walemba zopanda pake". Akuluakulu ambiri, ena a maudindo, zimenezi zimawakanika mpaka kukalamba. Lekichala athanso kubisa mayina kuti za chibwenzi kapena chidani zisalowepo.

China ndi malo a mafunso ndi mayankho, pomwe lekichala amaponya funso ndipo sungaone zomwe anzako ayankha mpaka utayamba walemba yankho lako. Kanthu kakang'ono koma kamathetsa khalidwe lija lodikira kuti wanzeru wa m'kalasi ayambe ndiye tonse tizingoti "ndikugwirizana ndi mnzangayu". Umaganiza wekha kaye, kenako nkuona kuti enafe tinaona mosiyana. Komanso ukalemba umakhala ndi mphindi 30 zokha zosinthira, zikatha mawu ako akhala momwemo pamodzi ndi dzina lako, ngati wasintha maganizo uzinena poyera pansi pake. Ena amadandaula nazo, ine ndimaona kuti ndi bwino munthu azolowere kuima pa zomwe wanena.

Pali ka Choice kovotera, pali wiki yolembera chinthu chimodzi pagulu. Izi ndi zabwinobwino, sindikhalitsapo.

Tsopano vuto. Zonsezi sizidzitsegula zokha, lekichala ayenera kuzisankha, ndipo kukonza Workshop kumafuna kuleza mtima chifukwa ili ndi magawo ake angapo oti uziwasuntha komanso masetingi ndi ochuluka zedi moti munthu wotanganidwa ndi kalasi ya anthu mazana amangoti aaa, naika ma PDF ndi ka quiz kodzichonga kokha, nkupita. Chosavuta kuchita ndi chimene chimapambana nthawi zonse. Ndiye m'masukulu ambiri Moodle yasanduka nkhokwe, wophunzira amalowa yekha, kutenga, kutuluka, osakumana ndi maganizo a munthu wina aliyense semesita yonse. Ndimalakalaka zida zokambiranazi zikanakhala kuti ndi zomwe zimayamba kuoneka ukamapanga kosi yatsopano.

Chachiwiri chomwe chimandivutitsa mtima ndi ma log. Pulogalamuyi imalemba pafupifupi chilichonse, walowa nthawi yanji, watsegula chiyani, ndipo lekichala amaziona. Zimathandiza ndithu kupeza wophunzira amene wasowa asanalephere, sindikukana. Koma ophunzira ambiri sauzidwa bwinobwino kuti akuonedwa chotere, ndipo sukulu imene ikuti ikuphunzitsa anthu kufunsa atsogoleri mafunso iyenera kuyamba ndi kuwauza okha kuti tikusunga izi, amaziona ndi awa, pazifukwa izi. Apa mlandu ndi wa oyendetsa sukulu osati pulogalamu.

Pa foni app yake imagwira bwino, manotsi utha kuwatsitsa nkuwerenga popanda intaneti, zomwe zimathandiza kuti wosowa data asatsalire kwenikweni, ngakhale zokambiranazo zimafunabe kuti ulumikizike kuti uone zomwe ena anena.

Kwa malekichala amene mukuwerenga, mu masetingi a zilolezo a Moodle muli mwayi wopatsa ophunzira mphamvu zina, monga kuyendetsa okha zokambirana kapena kupereka malikisi pa zomwe anzawo alemba. Yesani ndi kalasi imodzi yaing'ono, muwalole agwirizane okha malamulo a kayankhulidwe sabata yoyamba, inu muzingolowererapo zikafika potukwanana.