Sutikesi ya matayala anayi ya ku Limbe: zipi inandichititsa manyazi pa Beitbridge

Ndinagula sutikesi yaikulu ija, yamtundu wa buluu, pa shopu ina ku Limbe pa K85,000, mtengo womwe amati "watsika kale, mayi." Ndili ndi zaka 68, mawondo anayamba kale kudandaula, ndipo ulendo unali wa pa basi kupita ku Joni kukaona mdzukulu wanga wakhanda. Ndinkangofuna chikwama choti ndizikankha, osati kusenza.

Mtsikana wogulitsayo ndiye anayamba kundipsetsa mtima. Nditapempha kuti nditsegule ndiyese zipi, anayankha maso ali pa foni: "Agogo, zonsezi n'zofanana, ingotengani." Nditafunsa ngati ingapirire ulendo wa ku Joni, akuti ngakhale ku London ikafika. Lisiti lake linali lodindidwa kale kuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Polongeza ndinachita monga timachitira tonse: zitenje zinayi, majuzi awiri popeza mwezi wa June ku Johannesburg kumazizira koopsa, nsapato za kutchalitchi, mpunga wa Kilombero makilogalamu 5, nsinjiro, ndi usipa umene mwana wanga anachita kuchonderera pa foni. Ndisabise, ndinachita kuikhalira pamwamba kuti itsekeke. Mankhwala a BP ndi a shuga, magalasi, pasipoti ndi buku la kuchipatala ndinaika m'kachikwama kam'manja, ndipo pamenepo pokha ndinaganiza bwino.

Pa Mwanza, pa Zobue, pa mlatho wa ku Tete mpaka Nyamapanda, zonse zinali bwino. Tsoka linandidikira pa Beitbridge. Tinafika usiku, kuli chisanu cholowa m'mafupa, n'kutiuza kuti aliyense atsitse katundu wake ndi kuima naye pamzere. Kondakitala anaikoka sutikesi yanga n'kuitsitsa pansi, sindinganene kuti anaiponya ayi, anangoiika mofulumira monga amachitira. Ndinangomva kuti phwii! Zipi yatseguka kuchokera pakona mpaka pakona, kachitsulo kake kali mbali imodzi, mano ali yasa. Mpunga unapulumuka chifukwa unali m'mapepala awiri, koma pepala la usipa linang'ambika, usipa mbwee pasimenti. Ndipo pamwamba pa usipawo panagwera zovala zanga zam'kati, pamaso pa anyamata a msinkhu wa zidzukulu zanga. Inu anzanga achikulire mukudziwa kuti kuwerama n'kosavuta, chovuta ndi kudzuka. Ndinagwada pasimenti yozizirayo ndikutola usipa umodziumodzi, mzere ukusuntha, wapolisi akuyang'ana kumbali kuti asaseke. Mayi wina wa ku Zomba, amene sitinalankhulane njira yonse, anasiya katundu wake n'kubwera. "Dzukani mayi, ndikutolerani," anatero. Iye ndi amene anavula chitenje chake cham'chiuno n'kumanga nacho sutikesi, ine n'kuwonjezera changa. Munthu kulipira K85,000 kuti ukalowe m'dziko la eni ndi mtolo ngati ukupita kuchigayo!

Usiku umenewo ndinalumbira kuti ndidzalemba pano kuti musaigule. Koma mtima utatsika, ndiyenera kunena zoona. Matayala ake ndi abwino. Ngakhale ili yomangidwa ndi zitenje inkayendabe mowongoka, ndipo pamizere yaitali ija ndinkatsamira chogwirira chake ngati ndodo, osagwedera. Thupi lake silinasweke ngakhale inaponderezedwa ndi katundu wa anthu ena pafupifupi masiku awiri. Ku Joni mpongozi wanga anaitengera kwa munthu wosoka nsapato, anaikamo zipi ina yamano akuluakulu, ndipo pobwerera ndinaidzaza theka chabe, inafika ku Wenela bwinobwino. Vuto lina n'loti ikakhala yopanda kanthu ndi yolemera kale, ndiye pokwera masitepe pamafunika mnyamata.

Nditabwerako ndinapita ku shopu kuja ndi zipi yakaleyo m'manja. Sindinkafuna ndalama, ndinkafuna "pepani" basi. Mtsikana yemwe uja anaiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Munadzazitsa, agogo." Chimene chimandiwawa n'choti mwina sananame kwenikweni. Koma akanandilola kuyesa zipi tsiku lija, ndikanaona kuti ndi yopyapyala ngati ya siketi, ndipo ndikanagula lamba womangira sutikesi ndisananyamuke.

Sutikesi ndikuipatsa nyenyezi zitatu, wogulitsa ndi zipi yake agawane imodzi. Lamba ndinamugula tsiku lomwelo kwa venda wa pakhonde pa shopuyo, ndipo ndinachita kumuyesa ali pakhomo pomwepo kuti mtsikanayo aone.