Nsalu ya fleece yoteteza mbewu ku chisanu: ndaigwiritsa ntchito zaka ziwiri, ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ndimakhala ku Leeds, kumpoto kwa England, ndipo ndili ndi kadimba kalendi, kuno amati allotment, komwe ndimalima maungu, nyemba, matimati, mbatatesi ndi timizere ta chimanga. Pa zonsezi mtima wanga uli pa maungu. Nkhwani wamuwisi ndi wosowa m'masitolo akuno, ndiye amene akufuna nkhwani wotendera ayenera kudzilimira yekha.

Chinandichititsa kugula nsaluyi ndi zomwe zinandichitikira mu April 2021. Masana dzuwa linkawala bwino, ine n'kuona ngati kuzizira kwapita, n'kuwokera mbande zanga za maungu zomwe ndinalera pawindo kwa milungu inayi. Patangopita masiku atatu ndinapeza masamba onse ali lendee, ngati wina wawathira madzi owira. Pofika madzulo anali atada bii. Palibe ngakhale phando limodzi lomwe linatsala. Pambuyo pake a Met Office, bungwe loona zanyengo kuno, ananena kuti April ameneyo anali ndi chisanu chochuluka kuposa April wina aliyense m'zaka 60. Kwathu ku Dedza chisanu timachidziwa, chimawotcha mbewu m'madimba mu June ndi July, koma chimabwera kukuzizira kale. Chakuno n'chonyenga, chimabwera mitengo itaphuka, anthu atavula majekete, ndipo kuno kumpoto kwa England chimatha kugwa ngakhale chakumapeto kwa May.

Ndinagula mpukutu wa mamita 2 m'lifupi ndi 10 m'litali, wa magalamu 30 pa sikweya mita. Ilipo ina yopyapyala ya magalamu 17, yotsika mtengo, ndipo mnzanga wa dimba loyandikana nalo ndiyo amagwiritsa ntchito. Nditaona momwe yake imang'ambikira ikangokodwa pakamtengo, sindinong'oneza bondo kuti ndinawonjezera ndalama. Nsaluyi ndi yoyera, yopepuka, yopangidwa ndi ulusi wa pulasitiki wotchedwa polypropylene. Kuwala, mpweya ndi mvula zimadutsa bwinobwino.

Anthu ena amaigula akuganiza kuti imatenthetsa mbewu. Ayi. Masana dothi limamwa kutentha kwa dzuwa, usiku n'kumakutulutsa. Kukakhala mitambo, kutenthako sikupita patali. Koma usiku wa nyenyezi mbee, wopanda mphepo, kumathawira kumwamba, pansi n'kuzizira kwambiri, madzi a m'masamba n'kuuma kukhala ayezi. Nsaluyi imangogwira kutentha kochokera m'dothiko kuti kusathawe msanga. N'chifukwa chake iyenera kufika pansi mbali zonse. Mukangomanga pamwamba pa chomera ngati duku, tsinde ndi dothi zili pamtetete, mwataya nthawi.

Ndinafuna kudziwa ngati ikugwiradi ntchito, choncho ndinagula timakina tiwiri toyezera kuzizira tomwe timasunga nambala yotsikitsitsa ya usiku. Kamodzi ndinaika pansi pa nsalu, kena panja pa udzu. Usiku wina kumayambiriro kwa May kapanja kanafika pa -2, kam'kati kanali pa 1. Madigiri atatu okha, koma ndi amene anasiyanitsa moyo ndi imfa. M'mawa udzu wonse unali woyera, mbatatesi za anzanga omwe sanafunditse zitapsa nsonga, maungu anga ali gwa, obiriwira. Tsiku limenelo ndinasangalala ngati ndakolola kale.

Papepala lake analemba kuti imateteza mpaka -5. Ine sindingaikire umboni zimenezo pa maungu kapena matimati. Kukalengezedwa kuzizira koopsa ndimaipinda pawiri, ndipo ndikulangiza aliyense kutero.

Chinthu chimodzi chomwe chinandipweteka chaka choyamba, ndipo papepala sanachitchule n'komwe: nsalu ikakhudza masamba, makamaka itanyowa ndi mame, chisanu chimadutsa pomwepo. Nyemba zanga zinapsa ndendende pamalo pomwe nsalu inagona. Tsopano ndimakhoma timauta ta waya kapena ta paipi yamadzi, n'kuyala nsalu pamwamba pake kuti pakhale mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa nsalu ndi tsamba. Kuyambira pamenepo sindinatayenso kanthu. Akanalemba chiganizo chimodzi chokha chochenjeza, nyemba zija zikanapulumuka, ndipo apa ndi pomwe nyenyezi imodzi yawathawira.

Zikhomo zapulasitiki zomwe zinabwera ndi nsaluyi n'zopanda pake. Zitatu zinathyoka tsiku loyamba, zina zinazuka ndi mphepo nsalu n'kukakodwa pampanda wa mnzanga. Njerwa ndi matabwa akale zimagwira bwino kwambiri, kapena kungokwirira m'mphepete ndi dothi.

Muzisamalanso ndi nkhono zija zopanda chigoba. Pansi pa nsalu pamakhala pofunda ndi ponyowa, ndipo mbalame sizilowamo, ndiye zimadya mbande mosatekeseka. Ndimavundukula m'mawa uliwonse dzuwa likakwera, n'kuyang'ana pansi pa masamba. Kuvundukulaku n'kofunika ndithu: masana kukatentha mbewu zimafooka m'katimo, ndipo maungu akayamba maluwa amafuna njuchi.

Za nthawi yofunditsa, ndaphunzira kusadikira kuti foni ionetse 0. Nambala yomwe a zanyengo amalengeza ndi ya mpweya woyezedwa pamwamba, kupitirira mita imodzi kuchokera pansi, pomwe mbande zili pansi penipeni pomwe pamazizira kuposa apo. Ndikaona 4 kapena kutsika, kumwamba kulibe mtambo, mphepo ili zii, ndimapita kukafunditsa dzuwa lisanalowe, dothi likadali lofunda. Dimba langa lili chakumunsi kwa kamtsetse, ndipo mpweya wozizira umatsikira kumunsi ngati madzi n'kudikha pampanda, choncho ine chisanu chimandipeza ngakhale anzanga akumtunda atapulumuka. Ngati kwauma, ndimathirira masana, chifukwa dothi lonyowa limasunga kutentha kuposa louma.

Poyamba ndinkafunditsa ndi pepala la pulasitiki ndi nsalu zakale zapabedi. Pulasitiki imachita thukuta m'kati ndipo tsamba lililonse loikhudza limapsa. Nsalu zapabedi zimathandiza, koma zikanyowa zimalemera n'kuthyola mbande. Fleece ndi yopepuka moti ndimaiyala ndekha mamita onse 10 popanda wondigwirira.

Musaitaye pa mbewu zosafunika. Repu, kabichi, anyezi ndi nsawawa zimapirira kachisanu ka April. Isungireni maungu, matimati, nyemba, chimanga, bonongwe ndi nsonga za mbatatesi, ngakhale mbatatesi mungathenso kungozikwezera dothi, ndipo zikapsa zimaphukiranso, kungoti zimachedwa. Maungu akapsa apsa basi.

Patatha zaka ziwiri nsaluyi yada, ili ndi mabowo atatu, limodzi linabooledwa ndi nkhandwe yomwe imayendayenda m'madimba usiku. Ndinasoka ndi ulusi wamba ndipo ikugwirabe. Ndikamaliza nayo kumayambiriro kwa June ndimaichapa ndi madzi ozizira, kuiyanika, n'kuisunga m'thumba m'kashedi, poti dzuwa likaiwomba chilimwe chonse imafumbutuka n'kusiya tizidutswa ta pulasitiki m'dothi. Ndikuganiza kuti ipirira chaka china chimodzi.

Kwa Amalawi anzanga ndi abale a ku Zambia omwe mukulima kuno, gulani ya magalamu 30, mutenge yaitali kuposa mzere wanu kuti muthe kuipinda, ndipo mukonzeretu mauta ndi njerwa. Chaka chatha ndinayamba kutchola nkhwani pakati pa July, ndinagawirako mabanja atatu akutchalitchi, wina n'kufutsa wa m'nyengo yozizira. Mpukutu wachiwiri ndaitanitsa kale, wa mzere wa chimanga.